Vanishi amene amabwera m'madzi koma ayenera kukana madzi

Pa zitini zina za penti ndi vanishi pamalembedwa kuti bulashi mutsuke ndi madzi, thinazi safunika. Kalipentala amene anazolowera vanishi wonunkha uja, wopweteketsa mutu ukamapaka m'chipinda chotseka, sangalephere kufunsa kuti: ngati madzi akuchotsa vanishiyu pa bulashi, alimba bwanji pa tebulo mwana akatayirapo tiyi? Funsoli si lachibwana. Akatswiri a makemiko ku Germany, ku Netherlands ndi ku United States akhala akulimbana nalo kuyambira m'zaka za m'ma 1960, ndipo limodzi mwa mayankho awo ogwira mtima ndi chinthu chotchedwa polyurethane-acrylate ya m'madzi.

Vanishiyu sanasungunuke m'madzi monga shuga mu tiyi. Akanakhala wosungunuka, bwenzi akusungunukanso tsiku lililonse akanyowa. M'chitinimo muli timibulu ta pulasitiki tikuyandama m'madzi, monga momwe mafuta amayandamira mu mkaka osaoneka ndi maso. Timibuluti kukula kwake kumakhala pakati pa mananomita 30 ndi 200, pamene tsitsi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 70,000. Tikakhala tating'ono kwambiri, madziwo amaoneka abuluu pang'ono ndipo kuwala kumadutsamo. Tikakulirapo amayera ngati mkaka weniweni. Pa kulemera konse kwa madziwo, pulasitiki amakhala magawo 30 mpaka 45 pa 100 alionse. Luso lonse lagona pa zinthu ziwiri zotsutsana: timibuluti tisagwirane tili m'chitini kwa miyezi yambiri, koma tikangopakidwa pa thabwa tigwirane kotheratu, osasiyananso.

Chimene chinakankhira anthu ku madzi si kukoma mtima kwa eni mafakitale ayi. Ndi utsi wa ku Los Angeles. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, Arie Haagen-Smit, katswiri wobadwira ku Netherlands amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya Caltech ku California, anasonyeza kuti chifunga chowawa m'maso cha mumzindawo chimapangika pamene nthunzi ya mafuta ikumana ndi mpweya wina wotuluka m'mainjini, dzuwa likuwomba. Thinazi amene amauluka penti akamauma ali m'gulu lomwelo la nthunzi. Mu 1966 akuluakulu a ku Los Angeles anakhazikitsa lamulo lotchedwa Rule 66 lochepetsa mitundu ina ya mankhwala osungunulira. Mayiko a mu European Union anachita zawo mu 2004, ndipo malire a nthunzi yololedwa mu penti wa m'nyumba anayamba kugwira ntchito mu 2007, n'kukhwimitsidwanso mu 2010. Opanga penti anatsala ndi ntchito yofuna chonyamulira pulasitiki chimene chikauluka sichiwononga mpweya, ndipo palibe chotchipa kuposa madzi.

Mabanja awiri, lililonse ndi chilema chake

Polyurethane anaipeza ndi Otto Bayer ndi anzake mu 1937, ku Leverkusen, m'kampani ya IG Farben. Dzina lake lisakusokonezeni, iye sanali wachibale wa banja limene linayambitsa kampani ya Bayer. Zofunika ndi ziwiri. China ndi diisocyanate, molekyulu yaifupi ya manja awiri aukali amene amagwira msanga chilichonse chokhala ndi gulu la OH (oxygen ndi hydrogen) kapena la NH (nitrogen ndi hydrogen). Chinacho ndi polyol, unyolo wautali wofewa wokhala ndi OH kumapeto konse kuwiri. Zikagwirana dzanja ndi dzanja pamapangika unyolo wautali kwambiri wa zigawo zosinthana, chofewa kenako cholimba, chofewa kenako cholimba. Zigawo zolimbazo zimakokana ndi zinzake za pa maunyolo oyandikana, koma popanda mfundo yeniyeni. Chinthu chikakanda, zimalekana pang'ono n'kugwirananso. N'chifukwa chake polyurethane imapirira kupondedwa ndi kukhuzika, ndipo imapindika osasweka. Matiresi a siponji ndi zidendene za nsapato zambiri ndi a banja lomweli. Chilema chake chachikulu ndi mtengo, chifukwa ma diisocyanate abwino ndi okwera.

Acrylic mbiri yake imayambira kwa Otto Röhm, amene analemba za asidi wa acrylic pa maphunziro ake a udokotala ku Tübingen mu 1901, ndipo mu 1933 kampani yake inatulutsa galasi la pulasitiki la Plexiglas. Mu 1953 kampani ya Rohm and Haas ya ku Philadelphia inayamba kugulitsa Rhoplex AC-33, acrylic wa m'madzi wopangira penti wa nyumba. Acrylic ndi wotchipa, sachita chikasu padzuwa, ndipo mvula siimuvuta. Koma amakusankhitsa. Pulasitiki wochokera ku methyl methacrylate amakhala wolimba ngati galasi mpaka kutentha kufike cha m'ma 105 digiri, pamene wochokera ku butyl acrylate amakhala wofewa ndi wonanda ngakhale kuzizire kufika pa 50 pansi pa ziro. Wopanga penti amasakaniza awiriwa. Akachulutsa wofewayo, timibulu timagwirana bwino koma pentiyo amananda, zenera n'kumamatirira pa felemu nyengo yotentha. Akachulutsa wolimbayo, timibulu timakana kugwirana ndipo penti amauma ali ndi ming'alu kapena ngati ufa. Njira yakale yozembera vutoli inali kuthiramo mankhwala ofewetsa timibulu kwa kanthawi, amene pambuyo pake amauluka. Tabwerera ku nthunzi ija.

Kulowetsa polyurethane m'madzi

Apa ndi pamene nkhani imakoma, chifukwa pa maso zimaoneka ngati kusungitsa nyama kwa fisi. Isocyanate, ndiye manja aukali aja a diisocyanate, ikakumana ndi madzi imawonongeka n'kutulutsa mpweya wa carbon dioxide. Mpweya umenewu ndi womwe umafufumitsa siponji ya matiresi, kumene umafunika, koma mu vanishi ndi ngozi. Kotero gawo loyamba lonse limachitika mouma. Polyol amaiumitsa kaye pochotsamo chinyezi, n'kuithira mu mphika wachitsulo wodzaza ndi mpweya wouma wa nitrogen, pamodzi ndi diisocyanate yochulukirapo dala, kawirikawiri manja a isocyanate kukhala 1.5 mpaka 2 pa gulu lililonse la OH. Amatenthetsa pakati pa 70 ndi 90 digiri, nthawi zambiri atadonthezamo mankhwala ofulumizitsa ochokera ku chitsulo cha tin, ngakhale ambiri tsopano akusamukira ku bismuth. Popeza diisocyanate ndi yochuluka, chimene chimatuluka ndi maunyolo aafupi amene kumapeto kwake manja aukali aja akadali otambasuka. Amadziwa kuti zapsa poyeza isocyanate yotsala, mwina pothira dibutylamine pa kachidutswa, mwina poyang'ana chizindikiro chake pa makina oyezera a infrared.

Mu mphika momwemo amathiramo kamolekyulu kakang'ono kamene nkhani yonse yatsamirapo, dimethylolpropionic acid, kodziwika ndi zilembo DMPA. Kali ndi magulu awiri a OH, choncho kamalowa mu unyolo monga mkanda wina uliwonse. Kalinso ndi gulu limodzi la asidi limene linabisika pakati pa nthambi, moti isocyanate imalephera kulifikira. Zotsatira zake ndi unyolo wokhala ndi timagulu ta asidi tolendewera apa ndi apo. Kenako amathira triethylamine, amene amasandutsa asidiyo mchere. Mchere umakonda madzi. Unyolo wonsewo umadana ndi madzi kupatula timalo ta mcherewo, ndipo pamene zinthuzi zikhuthulidwa m'madzi makina akutakasa mwamphamvu, maunyolo amadzikulunga okha: zodana ndi madzi mkati, mchere kunja. Kambulu kalikonse kamakhala ndi mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi pakhungu pake, ndipo zofanana zimakankhana. Polyurethane yasanduka sopo wa iyo yokha. Njira imeneyi anaikhazikitsa makamaka Dieter Dieterich ndi anzake ku kampani ya Bayer m'zaka za m'ma 1960.

Nanga fisi uja? Manja a isocyanate akadali otambasuka ndipo tsopano ali m'madzi. Chimene chimapulumutsa ndi liwiro. Isocyanate imagwira amine, mankhwala okhala ndi gulu la NH lija, msanga kwambiri kuposa momwe imagwirira madzi, kotero akangomaliza kumwaza timibulu amathira mankhwala otere monga ethylenediamine kapena hydrazine, zimene zimalumikiza maunyolo aafupi aja kukhala aatali madzi asanachite kanthu. Amasankhanso ma diisocyanate odekha monga IPDI ndi H12MDI, amene sachedwa kugwira amine koma amachedwa ndi madzi. Awiriwa ali ndi ubwino winanso, sachita chikasu padzuwa monga amachitira TDI ndi MDI a m'matiresi. Amene anaonapo siponji yoyera itasanduka yachikasu pakhonde waona kale kusiyanaku.

Vuto lotsala ndi la kunanda. Maunyolo aafupi aja asanalowe m'madzi amakhala onanda kuposa uchi, ndipo makina sangawamwaze popanda chosungunulira. Dieterich ankagwiritsa ntchito acetone, amene amawira pa 56 digiri ndipo amatha kumuphwetsa pamapeto, koma zimadya nthawi, moto ndi malo mu mphika. Ena anasankha chosungunulira chotchedwa N-methylpyrrolidone (NMP), amene amasungunula DMPA bwino kwambiri koma amawira pa 202 digiri, choncho amatsalira m'chitini. Kwa zaka zambiri vanishi wotchedwa wa madzi ankakhala ndi NMP wochuluka ndithu, kufikira zitadziwika kuti amatha kuvulaza mwana ali m'mimba. Ku European Union malamulo oika malire pa kagwiritsidwe ntchito kake anayamba kugwira ntchito mu 2020.

Acrylic kulowa mkati

Nzeru imene ine ndimaiona kuti ndi yokongola koposa m'nkhani yonseyi ndi iyi. Methyl methacrylate ndi butyl acrylate, zisanasanduke pulasitiki, ndi timadzi topyapyala tosungunula bwino, ndipo tilibe OH kapena NH, kotero isocyanate sitilabadira. Ndiye bwanji osasungunulira polyurethane mu timadzi timeneti m'malo mwa NMP? Akatero, pomwaza m'madzi kambulu kalikonse kamatenga gawo lake la acrylic wamadzimadzi m'mimba mwake. Akamaliza kutalikitsa maunyolo, amathira choyambitsira, monga potassium persulfate, kapena tert-butyl hydroperoxide pamodzi ndi ascorbic acid, amene ndi vitamini C yemweyu. Acrylic amaundana kukhala pulasitiki mkati mwa kambulu momwemo. Chosungunulira chija sichiuluka, chasanduka mbali ya vanishi. Sopo wapadera safunikanso, chifukwa polyurethane ikugwira kale ntchito imeneyo, ndipo ichi n'chabwino popeza sopo wotsalira mu penti ndi amene amakoka madzi pambuyo pake. Pena amayamba apanga polyurethane ya m'madzi yokhayokha, kenako n'kudonthezamo acrylic kuti timibulu timumwe asanamuundanitse. Mapeto ake amafanana: popeza polyurethane ndi imene ili ndi mchere, imakonda kukhala kunja ngati khoko, acrylic n'kukhala mkati ngati njere.

Wina anganene kuti bwanji osangogula zitini ziwiri n'kusakaniza mu ndowa. Amachita, ndipo vanishi wotchipa wambiri wolembedwa mayina awiriwa ndi wotero. Koma kuthira chimanga ndi soya m'thumba limodzi si kufanana ndi kuzigayira pamodzi. Polyurethane ndi acrylic sizikondana kwenikweni, ndipo zikakhala m'timibulu tosiyana zimauma chilichonse m'zigawo zakezake, malire ake n'kukhala pofooka. Vanishi wotero nthawi zambiri amaoneka wachifunga, ndipo mphamvu zake zimatsika kuposa momwe masamu a theka ndi theka angalosere. Zikakulira m'kambulu kamodzi, maunyolo amapiringizana ndipo sangathe kupatukana patali. Akafuna kuti zigwirane zenizeni, amatseka mapeto a maunyolo ena a polyurethane ndi hydroxyethyl methacrylate, molekyulu imene mbali ina imagwira isocyanate, mbali inayo n'kulowa mu unyolo wa acrylic. Apa muyeso ndi wofunika: ikachepa sizigwirana mokwanira, ikachuluka kambulu kamalimba kali m'chitini ndipo kamakana kugwirana ndi tinzake pa thabwa.

Kawirikawiri amayamba ndi theka ndi theka. Acrylic akachuluka mtengo umatsika, vanishi amalimba ndi kupirira dzuwa, koma amayamba kuthetheka ndipo nsapato zimamukhuza msanga. Polyurethane ikachuluka amatanuka ndi kupirira kupondedwa, mtengo n'kukwera. Kampani ya Air Products ya ku United States inkagulitsa mtunduwu ndi dzina la Hybridur, limene linapita ku Evonik mu 2017, ndipo wina wotchedwa NeoPac, wochokera ku Waalwijk ku Netherlands, ali m'manja mwa Covestro kuyambira 2021. Vanishi wa mtunduwu amapita pa matabwa a pansi m'nyumba ndi m'mabwalo a masewera, pa mipando, pa zikopa, pa pulasitiki ndi pa penti wa magalimoto.

Pa thabwa zimachitika motere. Madzi akamauluka timibulu timayandikana mpaka kuthinana, kenako mphamvu yokoka ya timadzi totsalira m'mipata imatifinya kuti mipatayo itsekeke, ndipo pomaliza maunyolo a kambulu aka amalowerera mwa kanzake mpaka malire kuzimirira. Polyurethane ili ndi mwayi pano, chifukwa khoko lake limamwa madzi pang'ono n'kufewa nthawi yomwe kufewa kukufunika, madzi akachoka n'kulimba. Acrylic wolimba wa mkati uja safunika kufewa konse, akungokhala ngati miyala mu simenti. Ndi mmene vanishiyu amathawira kusankha kuja kwa kulimba kapena kugwirana. Triethylamine nayenso amauluka pang'onopang'ono, mchere n'kubwerera kukhala asidi wosakonda madzi kwenikweni. Ndiye yankho la kalipentala uja ndi ili: bulashi imatsukika chifukwa timibulu tisanagwirane, ndipo ikangogona usiku osatsuka madzi sangaithandizenso.

Koma kukana madziko si kwathunthu. Timagulu ta asidi tija sitichoka, tikadali mu unyolo. Opanga amakhala pa mphambano: DMPA wochuluka amapereka timibulu tating'ono tokhalitsa m'chitini, koma vanishi wake amamwa madzi n'kuchita bwalo loyera pansi pa kapu yonyowa, DMPA wochepa amapereka vanishi wokana madzi, koma timibulu timakula n'kudikha pansi pa chitini. Mankhwala ake ndi kumanga mfundo zenizeni pakati pa maunyolo vanishi atauma. Njira imodzi yochenjera ndi kuika diacetone acrylamide mu acrylic ndi adipic dihydrazide m'madzi. Ziwirizi zikagwirana zimatulutsa madzi, choncho m'chitini modzaza madzi sizifulumira, zimadikira mpaka thabwa liume. Njira ina ndi kuthira chomangira padera nthawi yopaka, monga carbodiimide kapena polyisocyanate yomwazika m'madzi, koma ukangosakaniza uli ndi maola ochepa. M'mafakitale a mipando muli mtundu winanso, umene acrylate wake amamusiya wosaundana ali kumapeto kwa maunyolo. Thabwa limadutsa pa mpweya wofunda kuti madzi achoke, kenako pansi pa nyale ya kuwala kwa ultraviolet (UV), ndipo m'masekondi ochepa vanishi walimba moti angathe kusanjikiza matabwa.

Polyol nayo imasintha zambiri. Ya polyester imapereka vanishi wolimba wonyezimira koma chinyezi chimaidula pakapita nthawi, ya polyether imapirira madzi koma imafooka ndi dzuwa, ya polycarbonate imapirira zonse ziwiri koma thumba limalira. Chosangalatsa n'chakuti nsatsi, zomwe zimangomera zokha m'mabwinja ndi m'mbali mwa misewu kwathu kuno, mafuta ake ali kale ndi magulu a OH mwachibadwa, chifukwa pafupifupi magawo 90 pa 100 a asidi wa m'mafutawo ndi ricinoleic. Amatha kugwirana ndi isocyanate osawasintha kaye, ndipo ofufuza ambiri a vanishi wochokera ku zomera amayambira pamenepo. Nsatsi zambiri zogulitsidwa padziko lapansi zimachokera ku India.

Mawu akuti wa madzi asatipusitse kuti m'chitini mulibe choopsa. Muli amine wouluka, kawirikawiri muli kachosungunulira pang'ono kothandiza kugwirana, ndiponso mankhwala oletsa tizilombo, chifukwa madzi amaola, ndipo ena a mankhwalawa amatulutsa ziwengo. Ku fakitale isocyanate ikadalipo, ndipo kuipuma kumayambitsa mphumu. Kuyambira mu Ogasiti 2023 aliyense wogwira ntchito ndi ma diisocyanate ku European Union ayenera kuyamba waphunzitsidwa. Chimene chachepa kwambiri ndi nthunzi imene wopaka ndi eni nyumba amapuma, komanso ngozi ya moto.

Madzi ali ndi makhalidwe awoawo amene wopaka ayenera kuwazolowera. Amauluka mochedwa, makamaka nthawi ya dzinja mpweya utakhuta chinyezi. Amadzikoka okha kukhala madontho, kotero pa thabwa la mafuta kapena pa vanishi wakale wosakwecha amathawathawa n'kusiya timaenje. Amadzutsa ubweya wa thabwa, n'chifukwa chake mukapaka koyamba muyenera kudutsapo ndi sandipepa wosalala. Ndipo popeza chimene chikulekanitsa timibulu ndi mphamvu ya magetsi ija yokha, chilichonse choizimitsa chimawononga chitini chonse. Asidi amachita zomwe mandimu amachita mu mkaka, kapena zomwe zimachitika mkaka ukamasanduka chambiko. Utomoni wa mitengo ya mpira, monga ya ku Vizara ku Nkhata Bay, nawonso ndi timibulu toyandama m'madzi, ndipo olima mpira padziko lonse amauundanitsa dala pouthira asidi. Madzi a m'chitsime a mchere wambiri angachite zomwezo, ndipo thinazi sasakanikirana ndi vanishiyu konse.

Vanishiyu amauma kukhudza pakatha ola limodzi kapena awiri, koma maunyolo amapitiriza kulowerana ndi kumanga mfundo kwa sabata kapena kuposerapo, ndipo masiku amenewo ndi amene amachita mabala msanga. Ngakhale atakhwima, asidi wotsala uja amakumbukira njira imene anadzera. Mankhwala okolopera okhala ndi ammonia kapena soda waukali amamusandutsanso mchere, khungu la vanishi n'kuyamba kumwa madzi, kufewa ndi kuchita mbuu. Pa tebulo kapena pansi popakidwa vanishi wotereyu, kansalu konyowa ndi sopo wamba pang'ono zimakwanira.